Masters ya sociology kapena ya njira zofufuzira? Yankho kwa achemwali a ku Mchinji

Achemwali ena a ku Mchinji anditumizira imelo. Ali ndi digiri yoyamba ya social science, ndipo akhala akudalira maganyu oyenda m'midzi ndi tabuleti, kufunsa anthu mafunso a mabungwe. Akuti: "Ndatopa n'kudikira foni yondiitanira ku survey. Ndikufuna masters, koma sindikudziwa ngati nditenge ya sociology kapena ya njira zofufuzira. Masamu amandiopsa. Nanga ndiphunzire konkuno kapena kunja?"

Achemwali, dzina la pa satifiketi lisakuzunguzeni mutu. Pemphani ndandanda wa makosi onse, muwerenge angati amene adzakukhazikeni pa kompyuta ndi data yeniyeni, inu nokha kuiyeretsa ndi kuisanthula. Mukapeza kosi imodzi yokha ya research methods, yongolemba manotsi, pulogalamu imeneyo isiyeni, ngakhale itchuke bwanji.

Ndikutero chifukwa Malawi sasowa otolera data. Inuyo ndinu mboni: bungwe likalengeza ganyu, mumakumana khamu pa intaviyu. Amene akusowa ndi okonza kafukufuku kuyambira pa funso mpaka pa lipoti. National Statistical Office (NSO), ofesi ya boma yoona za ziwerengero ku Zomba, idachita kalembera mu 2018 n'kupeza anthu 17.5 miliyoni, imachitanso Integrated Household Survey ndi Demographic and Health Survey. Data yambiri yotereyi imakasanthulidwa ndi anthu okhala ku Washington kapena ku London, ife n'kumangowerenga zomwe apeza. Mpata wanu uli pamenepo.

Za masamuzo, mtima m'malo. Palibe adzakufunseni kuwerengera ndi dzanja. Ntchito imeneyo ndi ya mapulogalamu a pa kompyuta monga Stata, SPSS kapena R, ndipo R ndi yaulere. Chofunika ndi kumvetsa ganizo lake. Mwachitsanzo, Afrobarometer, kafukufuku wa maganizo a anthu m'maiko a mu Africa, imene idayamba mu 1999, kawirikawiri imafunsa Amalawi 1,200 okha n'kunena maganizo a dziko lonse. Zimatheka bwanji? Chifukwa madera, makomo ndi anthu amasankhidwa mwa mayere, kuti wa ku Chitipa ndi wa ku Nsanje onse akhale ndi mwayi wogwerapo. Mukafunsa anthu 5,000 pa msika wa pa boma la Mchinji, mwamva za obwera ku msika basi, odwala ndi otanganidwa kumunda mwawasiya. Mukagwira mfundo imeneyi, sampling, yomwe ndi njira yosankhira anthu ofunsidwa, yayamba kukulowani. Zinazo, monga regression (njira yoonera mmene chinthu china chimayendera limodzi ndi chinzake), zimabwera ndi kuyeserera.

Komabe musathawe sociology, chifukwa manambala paokha amanamiza. Mu 1998, akatswiri a University of Pennsylvania, mmodzi mwa iwo Susan Watkins, adayamba kafukufuku wotsatira mabanja omwewo zaka ndi zaka ku Rumphi, Balaka ndi kwanu komweko ku Mchinji. Nthawi imeneyo ambiri ankakhulupirira kuti anthu a kumudzi amachita manyazi kukamba za Edzi. Chaka chotsatira, ofufuzawo adapereka makope kwa anthu ena a m'midzi momwemo kuti azilemba zomwe akumva pa mjigo, pa maliro, m'minibasi ndi pa bawo. Makopewo adaonetsa kuti anthu ankaikamba nkhaniyo kwambiri: kuunguzana amene wawonda, kulangizana za zibwenzi, kutsutsana za makondomu. Fomu ya mafunso sikadagwira zimenezo, chifukwa munthu akaona mlendo wa tabuleti amayankha zomwe akuganiza kuti mlendoyo akufuna kumva, mwinanso akuyembekeza thandizo.

Apa ndi pamene zaka zanu za m'midzi zili chuma. Mukudziwa kuti mayi amayankha mosiyana bambo akakhala pakhonde pomwepo. Mukudziwa kuti funso loti "pakhomo pano mulipo angati" limasokoneza pamene ana a malemu achemwali awo amadya pano koma amagona kwa agogo. Mwawaonanso anzanu ena akuphika data pansi pa mtengo dzuwa likawakulira. Mnzanu wa m'kalasi amene sadapondeko kumudzi adzaziwerenga m'buku. Inu mudzangofuna mawu ozifotokozera ndi njira yozipewera. Zimenezi muzilembe m'kalata yanu yofunsira malo, osangoti "ndimakonda kuthandiza anthu ovutika" ngati aliyense.

Konkuno kapena kunja? Ku Britain masters ndi chaka chimodzi, ndipo mayunivesite ngati Manchester, Essex ndi London School of Economics ndi odziwika pa njira zofufuzira. Chaka chimenecho chimathamanga: makosi, mayeso, kenaka miyezi itatu yokha ya dissertation, kotero kubwera kudzatolera data kuno n'kovuta. Ndalama zake si za m'thumba la munthu wamba. Yesani ma scholarship monga Chevening, imene imafuna zaka ziwiri za ntchito, Commonwealth, kapena Beit Trust imene imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Ku University of Malawi ku Zomba ubwino wake ndi wakuti muli pafupi ndi Centre for Social Research, imene idakhazikitsidwa mu 1979, ndi NSO, ndipo maganyu anu sangaime. Choopsa kwathu kuno ndi thesis: makosi anthu amamaliza bwinobwino, kenaka n'kukhala zaka akudikira ndemanga za supavaiza wotanganidwa. Musanalembetse, funsani amene adadutsamo kuti adatenga nthawi yaitali bwanji ndi mphunzitsi amene mukumufunayo. Kumbukiraninso kuti musanafunse munthu funso limodzi, komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa iyenera kuvomereza kafukufuku wanu, ndipo zimenezo zimadya nthawi ndi ndalama.

Mafomu asanatsekedwe, yambani mwezi uno. Data ya Integrated Household Survey ya 2019 mpaka 2020 imapezeka mwaulere pa intaneti kudzera ku World Bank mukalembetsa. Ikani R pa laputopu, musankhe funso limodzi la kwanu, monga lakuti kodi makomo oyendetsedwa ndi amayi ku Mchinji amadalira ganyu kuposa ena, mulembe masamba awiri a zomwe mwapeza. Masamba amenewo mutumize pamodzi ndi imelo yanu yoyamba kwa mphunzitsi amene mukufuna kuti adzakuyang'anireni.