Tsiku limodzi ku Valletta sitima isananyamuke: achemwali, chepetsani liwiro

Mayi wina wa ku Leicester, ku Britain, wanditumizira imelo. Iye ndi amuna ake alipira ulendo wa pasitima yapamadzi yonyamukira ku Valletta, likulu la Malta, dziko la zilumba pa nyanja ya Mediterranean, ndipo akafika kutatsala tsiku limodzi. Akufunsa ngati tsikulo lingakwane kuona Valletta, mzinda wakale wa Mdina, chilumba cha Gozo ndi Blue Lagoon, "kuti ndalama yathu isapite pachabe."

Achemwali, mawu omalizawo ndi amene andiyabwa. Ndinawamvapo kwa alamu anga, tili pa masitepe a Valletta yemweyo, thukuta lili kamukamu. Alamuwa ndi munthu wabwino, wolimbikira ntchito, koma paulendo amasanduka kapitawo. Anabwera ndi pepala lolembapo malo, cholembera chili m'manja, ndipo malo aliwonse tikangoponda ankachonga. Tinalowa m'tchalitchi chachikulu cha St John's, iwo foni m'mwamba, kumwetulira, jambu, basi akuyang'ana khomo. Ati tifulumire, basi ya ku Mdina itisiya. Ine ndinakana. Tinakangana monong'ona, mwaulemu wa pachilamu, mpaka iwo ndi amuna anga anatuluka kukandidikira panja.

Chimene anachisiya m'menemo ndi ichi. Kunja kwake tchalitchicho n'chosaoneka bwino kwenikweni, khoma lamiyala chabe, lomangidwa m'ma 1570 ndi asilikali achipembedzo otchedwa Knights of St John. Koma mukalowa, golide ali ponseponse, ndipo pansi pamene mukupondapo ndi manda okhaokha, pafupifupi 400, aliwonse ovindikiridwa ndi mwala wamitundumitundu wojambulidwa mafupa, zigaza ndi zizindikiro za mabanja. M'chipinda chapambali muli chithunzi chachikulu chimene Caravaggio, katswiri wojambula wa ku Italy, anajambula mu 1608, cha kudulidwa mutu kwa Yohane Mbatizi. Wakuphayo wamupanikiza Yohane pansi, dzanja lina lapita kumsana kukasolola mpeni woti amalizire. Mtsikana wawerama ndi mbale. Gogo wina wagwira mutu wake ndi manja onse awiri. Akaidi awiri akusuzumira pazenera lazitsulo. Mukayandikira muona kuti wojambulayo analemba dzina lake ndi magazi amene akutuluka pakhosi pa Yohane, ndipo ndi chithunzi chokhacho chimene anasainira. Munthuyu anali wothawa mlandu, anapha mnzake ku Rome mu 1606. Ku Malta nakonso sanakhalitse: anamenyana ndi anthu, anamutsekera ku Fort St Angelo, iye n'kuthawa. Zimenezi mungazione bwanji mukuthamangira basi?

Ndikudziwa kumene mtima wothamangawu umachokera. Ndalama ya ulendo ngati uwu ena a ife timaipeza ndi mashifiti ausiku, miyendo itatupa, kwinaku kumudzi akudikira za fetereza ndi sukulu fizi. Ndiye ukafika umafuna kuti khobidi lililonse lioneke. Koma tinene zoona, lioneke kwa ndani? Kawirikawiri n'kwa anthu a pa WhatsApp. Tikuyendera anthu ena maso, ife eni osaona kanthu. Poyamba ndinkati aliyense ali ndi kayendedwe kake, asiyeni. Pano ndasiya kunena choncho. Kuona malo anayi pa tsiku limodzi ndiko kutaya ndalama kwenikweniko, chifukwa chimene mwalipira ndi mpando wa m'basi ndi mzere wa pa boti. Gozo ndi chilumba china, Blue Lagoon ili pa chilumba chinanso cha Comino, ndipo nyengo yotentha anthu amadzazana kumeneko ngati mumsika wa Limbe pa Khirisimasi.

Pamene Valletta weniweniyo ndi kamzinda kakang'ono, kutalika kwake pafupifupi kilomita imodzi, misewu yake yowongoka yopingasana. Anayamba kuumanga mu 1566, chaka chotsatira nkhondo imene asilikali a ufumu wa Ottoman anazinga chilumbachi miyezi ingapo n'kulephera kuchilanda, ndipo dzina lake ndi la mtsogoleri wa ma Knights aja nthawiyo, Jean de Valette. Mungauyende wonse wapansi. Vuto ndi zitunda ndi masitepe, osati mtunda.

Nditawaimbira amayi anga kuti ndili ku Malta, anayamba akhala chete, kenaka n'kufunsa kuti, "Melita wa Paulo uja?" Eya, yemweyo wa pa Machitidwe 27 ndi 28, pamene chombo chinasweka, anthu 276 onse n'kupulumuka, eni dziko n'kuwakolezera moto, njoka n'kumuluma Paulo padzanja. Amayi sanaone chifukwa choti munthu wanzeru zake akakwerere sitima pamalo pamene mtumwi anachita ngozi, ndipo anandipempherera pafoni pomwepo mpaka mayunitsi anatha. Anthu a ku Malta nkhaniyi amainyadira kwambiri. Mu Valletta muli tchalitchi cha St Paul's Shipwreck, chobisika m'kamsewu, ndipo pa 10 February ndi tchuthi cha dziko lonse chokumbukira kusweka kwa chombocho. Alamu anga pa pepala lawo panalibe tchalitchi chimenechi.

Mudzadabwanso ndi mmene zinthu zina zilili zachizolowezi. Galimoto zimayenda kumanzere, mapulagi ndi a mano atatu, Chingerezi chimamveka paliponse. Anali pansi pa Britain ngati ife, ndipo ufulu analandira chaka chimodzi ndi Malawi, 1964, ife mu July, iwo mu September. Kamtanda kali pa mbendera yawo ndi George Cross, imene mfumu George VI inapereka kwa chilumba chonse mu 1942 chifukwa cha mabomba amene anthuwa anawapirira pa nkhondo yachiwiri.

Ku Upper Barrakka Gardens, kumene mumaona doko lonse lili pansi panu, ine mtima unandilemera pang'ono. Ngalawa zankhondo za ma Knights aja zinkapalasidwa ndi akapolo, ambiri ogwidwa kumpoto kwa Africa. Ndipo nyanja yomweyi, imene ife timaiwoloka tili ndi mbale ya bufe m'manja, ndi imene achinyamata a ku Africa akumira akuchokera ku Libya pa timaboti ta mphira. Sindikuti musakwere sitima. Nanenso ndinakwera, ndipo ndinadya bwino. Ndikungoti ukaima malo amodzi nthawi yokwanira, malowo amayamba kukuuza zinthu zimene sunafunse.

Tsono muchite chiyani?

Gonani mu Valletta momwemo kapena pafupi, bwalo la ndege silili kutali. Lawirirani ku St John's, gulu la alendo lisanachuluke, ndipo dziwani kuti Lamlungu salola odzaona malo. Mapewa ndi mawondo aphimbidwe, choncho kachitenje m'chikwama kathandiza, ndipo nsapato zazitali zosongoka amakaniza chifukwa zimakanda miyala ya manda ija. Pofika 12 koloko masana mukhale ku Upper Barrakka, amaombako mzinga. Idyani pastizzi, timabanzi tofufumala toikamo tchizi kapena nsawawa, n'totsika mtengo, mutsitsire ndi Kinnie, chakumwa choziziritsa kukhosi cha kumeneko, ngati simuopa zowawirako. Madzulo tsikani ndi chikepe cha Barrakka, cha mamita 58, mukwere kaboti kuwolokera ku Birgu, kumene kuli Fort St Angelo. Chikepe chomwecho chimakufikitsani kufupi ndi pokocheza sitima. Ngati miyendo ikadali ndi mphamvu, Mdina ndi malo okhawo amene ndingalole kuwonjezera, dzuwa litapepa.

Ngati mukuyendera pasipoti ya Malawi, chilolezo chokhalira ku Britain sichikulowetsani ku Malta, mufunika viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, ndipo afunseni a sitima za madoko ena onse amene mukaime. Tsiku lonyamuka musapite kutali ndi doko. Sitima siidikira munthu, ngakhale katundu wanu atakwera kale.