Funsani Amalume a Mafoni: mauthenga a mavairasi, zotsatsa malonda ndi foni yokalamba

Amalume, foni yanga yandichititsa manyazi. Tsiku lililonse pamwamba pa sikirini pamabwera mauthenga akuti foni ili ndi mavairasi, batire liwonongeka ndikapanda kudina pomwepo. Nthawi zina pamabwera zithunzi za atsikana osavala bwino, kapena zoti ndawina iPhone. Lamulungu lapitali mwana wanga wa Sitandade 4 anaziona akusewera gemu. Mnyamata wina kumsika akuti ndimulipire ayiflashe. Ndipereke? — Mayi wa ku Chilinde, Lilongwe

Ayi mayi, ndalamazo gulirani ndiwo. Kuflasha kukufufutirani zithunzi ndi manambala a abale, kenako mauthengawo abwereranso tsiku lomwe mudzadinenso batani lomwe linawaitana.

Tsamba la pa intaneti lilibe njira yopimira foni yanu n'kuwerenga mavairasi. Uthengawo ndi bodza lokuopsezani kuti mudine. Nkhani inayamba chonchi: tsiku lina mumasaka nyimbo ya kwaya, kapena bambo akunyumba amafuna kuonera mpira, tsamba linatulutsa kabokosi ka mawu awiri, Allow ndi Block. Masamba ena amachita kunama kuti dinani Allow titsimikize kuti ndinu munthu osati loboti. Chala chitagwera pa Allow, tsambalo linalandira chilolezo chokutumizirani mauthenga usana ndi usiku, ngakhale browser, app yotsegulira masamba a pa intaneti monga Chrome, mutaitseka.

Uthenga wina ukabwera musaudine. Ukanikizeni ndi chala osachotsa kwa kanthawi, foni ikuonetsani dzina la app yomwe yautumiza. Ikakhala Chrome, itseguleni, dinani timadontho titatu pakona ya kumanja kumwamba, pitani pa Settings, kenako Site settings, kenako Notifications. Mupeza mndandanda wa masamba omwe munawaloleza. Pabenchi panga ku Limbe, ndikawaonetsa anthu mndandanda umenewu amagwira pakamwa: mayina a zilembo zongosakanikirana, osawerengeka n'komwe, ndipo mwini foni sakumbukira ngakhale limodzi. Chotsani onse osawadziwa, ndipo muzimitse batani la pamwamba kuti masamba asiye kupempha. WhatsApp ndi Facebook sizikhudzidwa, zili ndi ma app awoawo.

Dzina lomwe latuluka likakhala la app ina, kawirikawiri amakhala aja olonjeza kutsuka foni, kuziziritsa batire, kapena kiyibodi ya maluwamaluwa. Achotseni. Amenewa ndimadana nawo kuchokera pansi pa mtima, chifukwa ntchito yomwe amagwira molimbika ndi yotsatsa malonda basi. Mukatero tsegulani Play Store, dinani chithunzi chanu pakona, sankhani Play Protect kuti ifufuze zotsala. Ndipo ngati tsiku lina munalembapo nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money pa tsamba lolonjeza mphoto, isintheni lero lomwe, musanaphike nsima yamadzulo.

Amalume, pa laputopu yanga ndinkagwiritsa ntchito uBlock Origin yotsekera zotsatsa malonda mu Chrome, koma inazima yokha ndipo ikukana kubwerera. Pafoni ndiye sindikuipeza n'komwe. Bandulo ya sabata imatha pa masiku atatu. Ndipange bwanji? Mnzanga wina akutinso kutseka zotsatsa malonda n'kuba. — Wophunzira wa ku koleji, Zomba

Mphwanga, laputopu yako ilibe mlandu. Google inasintha malamulo a zowonjezera za Chrome (ma extension, timapulogalamu toika mu browser), malamulo atsopanowo amatchedwa Manifest V3, ndipo kuyambira mu 2024 inayamba kuzimitsa zowonjezera zonse zomangidwa pa malamulo akale. uBlock Origin inali m'gulu limenelo. Mwini wake, Raymond Hill, anatulutsa ina yotchedwa uBlock Origin Lite yomwe Chrome imailola, koma mphamvu zake n'zochepa poyerekeza ndi yoyambayo. Google imati inachita izi pofuna chitetezo. Ine sinditsutsa kuti mbali ina ndi zoona, koma ndimakumbukiranso kuti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a ndalama za Alphabet, kampani yomwe ndi mwini wa Google, amachokera ku kutsatsa malonda. Pafoni ndiye usavutike kusaka: Chrome ya mafoni a Android silandira zowonjezera.

Njira yomwe ine ndimatsata ndi Firefox. Imalandirabe uBlock Origin yathunthu, pa kompyuta ndi pa Android pomwe. Ukaiika, dina timadontho titatu, pita pa Extensions, upeza uBlock Origin pamndandanda, dina chizindikiro chowonjezera, basi zatha. Ukafuna yosavutitsa n'komwe, pali Brave, yomwe imatseka zotsatsa ikangoikidwa. Mkati mwake ndi makina omwewo a Chrome, choncho masamba amaoneka monga unazolowera. Ili ndi zake za ndalama za crypto zomwe imazikankhira patsogolo, zizimitse, suzifuna. Amene ali ndi Samsung Internet ali ndi malo oikira zotsekera mu browser momwemo, ndipo a iPhone akhala nazo mu Safari kuyambira mu 2015.

Palinso kachenjerero kena ka zotsatsa za m'magemu ndi m'ma app aulere. Foni ikakhala ya Android 9 kupita m'mwamba, mu Settings muli malo otchedwa Private DNS, kawirikawiri pansi pa Network & internet kapena Connections. Ukalembamo dns.adguard-dns.com, foni imaleka kupeza maseva (makompyuta a pa intaneti) ambiri otumiza zotsatsa. Koma udziwe ziwiri. Za pa YouTube ndi Facebook sizichoka, chifukwa zimatulukira khomo limodzi ndi mavidiyo enieniwo. Chachiwiri, mayina a masamba omwe ukutsegula tsopano akudutsa kwa eni seva imeneyo, ndiye wasankha kuwakhulupirira iwowo. Wi-Fi ya pasukulu ikakana kutulutsa tsamba lolowera, zimitsa kaye Private DNS.

Za bandulo ndikuuze mosapsatira: kutseka zotsatsa kuthandiza pa masamba a nkhani ndi a zotsatira za mpira, koma chimene chimameza bandulo ya sabata pa masiku atatu ndi vidiyo. Tsegula Data usage mu Settings uone wekha amene ali pamwamba pa mndandanda. Ndikukayika ngati ali browser. Chrome inali ndi Lite mode yochepetsa data, koma inachotsedwa mu 2022, ati mtengo wa intaneti watsika m'maiko ambiri. Kuno sanatifunse. Opera Mini ikadalipo, ndipo pa foni ya memory yochepa imathamanga kuposa Firefox. Imasunga bandulo chifukwa tsamba limayamba ladutsa pa maseva a Opera kuti lifinyidwe. Powerenga nkhani ndi yabwino; pa za kubanki ine sindiigwiritsa ntchito.

Mnzakoyo umuuze kuti bandulo wagula ndiwe, ndipo zambiri mwa zotsatsazo zimabwera ndi timapulogalamu totsata munthu kuchoka tsamba lina kupita lina. Kuzikana si kuba. Komabe atolankhani a masamba a nkhani a kuno kwathu malipiro awo ena amachokera momwemo. Tsamba lomwe umaliwerenga m'mawa uliwonse, ndipo zotsatsa zake sizikuphimba nkhani, ungalimasule lokhalo: uBlock Origin ili ndi batani lalikulu lozimitsira pa tsamba limodzi. Ine ndimatero pa awiri kapena atatu omwe ndimawalemekeza.

Amalume, ndikusaka ntchito ina mwakachetechete. Ndimatsegula masamba a ntchito pa foni yanga ndi Incognito, koma pa Wi-Fi ya kuofesi. Abwana angadziwe? — Bambo wa ku Mzuzu

Angadziwe ndithu, achimwene, ngati amene amayang'anira netiweki ya kuofesiko ali ndi chidwi. Incognito ili ngati kusesa mapazi pabwalo la nyumba yanu pomwe anthu a m'njira anakuonani kale komwe mumachokera. Imaletsa foni kusunga mbiri ya masamba ndi ma cookie (timafayilo tomwe masamba amasiya mufoni) mukatseka, kuti wobwereka foni asaone. Mwini Wi-Fi amaonabe dzina la tsamba lomwe foni yanu yalumikizana nalo ndi nthawi yake. Adiresi ikayamba ndi https, zomwe mwalemba mkatimo sangaziwerenge, koma dzina lokhalo la tsamba la ntchito likwanira kuulula nkhani.

Si inu nokha amene munawamva mawu oti Incognito mopitirira. Ku America anthu anasumira Google mu 2020 ponena kuti inkatolerabe zambiri zawo ali pa Incognito, ndipo mu 2024 kampaniyo inavomera kufufuta mabiliyoni a zolembedwa zoterozo ndi kulemba chenjezo lomveka bwino pa tsamba loyamba la Incognito.

Zimitsani Wi-Fi, gwiritsani ntchito bandulo yanu. Kampani ya netiweki idzaonabe mayina a masamba, ndipo simukhadi yanu inalembetsedwa ndi chiphaso chanu monga zakhalira kuyambira mu 2018, koma abwana anu sakhala kumeneko. Mafayilo omwe mwatsitsa pa Incognito amatsala mufoni, musaiwale. Ndipo kalata yofunsira ntchito musailembere pa kompyuta ya kampani ngakhale pang'ono.

Amalume, ndine mphunzitsi wopuma. Foni yanga ananditumizira mwana wanga kuchokera ku Johannesburg zaka zapitazo. Ikugwira bwinobwino, batire ndinasinthitsa chaka chatha. Koma mdzukulu wanga akuti Chrome yasiya kulandira update chifukwa foniyo ndi Android 8, ndiye ndiitaye mbava zingandibere ndalama. Chinthu chamoyo n'kuchitaya? — Agogo a ku Ntcheu

Aphunzitsi, mdzukulu wanuyo wanena zoona theka. Chrome 138 ndiyo inali yomaliza ya Android 8 ndi 9. Kuyambira mu Ogasiti 2025, Chrome yatsopano imafuna Android 10 kupita m'mwamba. A Android 7 anasiyidwa kale kumapeto kwa 2023. Chrome yanuyo ipitiriza kutsegula masamba, ndipo apa ndi pomwe anthu amapusitsika, chifukwa pamaso palibe chasintha. Koma mabowo omwe akatswiri amawapeza mu browser mwezi ndi mwezi amatsekedwa kwa ena, kwa inu ayi, ndipo akalengezedwa poyera mbava nazo zimawerenga.

Zosamalira zilipo ziwiri, ndipo anthu amazisokoneza. Browser imakonzedwa kudzera pa Play Store. Android yeniyeniyo imakonzedwa ndi kampani yomwe inapanga foni, ndipo kampani ikasiya, palibe mmisiri wa pabenchi angaibwezeretse, ngakhale ine. Pitani pa Settings, About phone, mufufuze mzere wolembedwa Android security update kapena security patch level. Deti lomwe lili pamenepo ndilo tsiku lomaliza foni yanu inakonzedwa chitetezo. Pa foni ya Android 8 musadabwe kupeza 2019 kapena 2020.

Koma kutaya ayi. Mbali ya browser ili ndi mankhwala: pamene ndikulemba pano Firefox ikulandirabe Android 8, ndipo imakonzedwa pafupipafupi. Mdzukuluyo akuikireni, aikemo uBlock Origin monga ndamuuzira mnyamata wa ku Zomba pamwambapa, kenako apite pa Settings, Apps, Default apps, asankhe Firefox kuti linki iliyonse yochokera pa WhatsApp izitsegukira mmenemo. Chrome musaigwiritsenso ntchito. Kuimba, ma SMS, wailesi, Baibulo ndi zithunzi za adzukulu, zonsezo pitirizani mtima uli m'malo.

Pa za ndalama ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Mukamatumiza kapena kulandira poimba *444# kapena *211#, simukudutsa pa browser kapena pa intaneti, choncho ukalamba wa Chrome sukukhudzani pamenepo. Ambiri omwe amabwera kwa ine akulira kuti aberedwa, sanaberedwe ndi akatswiri a kompyuta. Anaimbiridwa ndi munthu wa mawu aulemu, wodzitcha wa kukampani kapena wonena kuti watumiza ndalama molakwitsa, ndipo nambala yachinsinsi anaitchula okha. Foni yatsopano siteteza zimenezo. Chomwe foni yakale imaopa kwambiri ndi ma app obwera chammbali: fayilo yotumizidwa pa gulu la WhatsApp, kapena ma WhatsApp osinthidwa aja anyamata amaikirana kuti aziwerenga mauthenga ofufutidwa. Mdzukulu aliyense wobwereka foni mumuuze kuti chosachokera pa Play Store chisalowemo. App ya kubanki yokha ndiyo ndingakulangizeni kuichotsa pa foni imeneyi. Tsiku lina idzakana yokha, koma musadikire tsikulo.

Ikadzafika nthawi yoti mwana wanu akutumizireni ina, funso loyamba lisakhale la kamera. Afunse kuti foniyo idzalandira ma update mpaka chaka chiti. Google inalonjeza zaka 7 pa Pixel 8 ya mu 2023, Samsung zaka 7 pa Galaxy S24 ya mu 2024 ndi zaka 6 pa Galaxy A16 yomwe mtengo wake ndi wofikirika. Ku European Union lamulo lomwe linayamba mu Juni 2025 limakakamiza opanga mafoni kupereka ma update kwa zaka zosachepera 5 kuchokera pomwe mtundu wa foniyo wasiya kugulitsidwa. Mafoni ambiri otchipa omwe adzaza m'mashopu a kuno amalonjezedwa zaka zochepa kuposa pamenepa. Zaka zomwe makampani amalonjezazo zimawerengedwa kuchokera pomwe mtundu wa foniwo unatuluka, osati tsiku lomwe inu mwaigula, ndiye foni yowala bwino ya m'bokosi ikhoza kukhala itadya kale theka la nthawi yake ili pashelefu. Yogwiritsidwa kale ntchito ndiye kwambiri. Mwana wanuyo asanapereke ma rand ake, aiyatse m'shopu momwemo, atsegule About phone, ajambule mzere wa Android version ndi deti la security update, akutumizireni mdzukulu wanu aone. Android yake ikakhala yotsalira ndi manambala atatu kapena anayi poyerekeza ndi mafoni atsopano a m'shopumo, aisiye asankhe ina.