Musanagule khadi lina la zithunzi la kompyuta, tsimikizani kaye kuti lakalelo ndilo lafa

Achimwene, ndawerenga funso lanu kawiri kuti ndilimvetse bwino. Mwati kompyuta yanu ya pa desiki, imene munaigula cha mu 2012 ndipo ili ndi purosesa ya Core i5-3470, yayamba kuonetsa timadontho tobiriwira ndi mizere yopingasa, nthawi zina sikirini imada bii kwa kamphindi kenako n'kubwerera ndi uthenga wakuti driver ya zithunzi (pulogalamu imene Windows imayendetsera khadi la zithunzi) inasiya kuyankha, ndipo mukufunsa ngati graphics card (khadi limene limatumiza zithunzi ku monita) yafa komanso kuti mugule iti m'malo mwake. Anzathu angapo akutchulirani kale mayina a makhadi, koma ine ndikupempha kuti muyambe mwaimika kaye zogulazo, chifukwa zizindikiro zimene mwafotokozazi zingachokere ku chingwe, ku monita, ku driver, ku kutentha, ku power supply (kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta) ngakhalenso ku RAM (memory ya kompyuta), ndipo khadi ndi chimodzi chabe mwa zinthu zoyenera kuzikayikira.

Yambani ndi zimene sizifuna kutsegula bokosi. Chingwe cha VGA, chija cha mutu wabuluu wokhala ndi timano 15, chimayendetsa mtundu wofiira, wobiriwira ndi wabuluu padera padera, motero kadzino kamodzi kakapindika chithunzi chonse chimasanduka chachikasu kapena chapinki. Chingwe cha HDMI kapena cha DVI chikayamba kutha chimatulutsa timadontho tothwanima, makamaka pamalo akuda a chithunzi. Sinthani chingwe, ndipo ngati n'kotheka lumikizani kompyutayo ku monita ina kapena ku TV. Pali njira inanso imene ndimaikonda chifukwa sitenga nthawi: pamene mizere ikuoneka, dinani batani la Print Screen, sungani chithunzicho, muchitumize pa foni yanu. Chikaoneka bwino pa foni, ndiye kuti vuto lili panjira yochokera potulukira pa khadi kukafika ku monita. Mizere ikaonekanso pa foni, chithunzicho chinawonongeka chisanatuluke m'kompyuta, ndipo chingwe ndi monita zilibe mlandu.

Kenako yang'anitsitsani nthawi imene mizereyo imayamba. Ngati ilipo kale pamene mwangoyatsa kumene, pa chizindikiro cha kampani imene inapanga kompyutayo kapena mkati mwa BIOS (pulogalamu imene imadzutsa kompyuta Windows isanatseguke), musavutike ndi ma driver, chifukwa panthawiyo Windows imakhala isanayambe n'komwe kugwira ntchito. Koma ngati zonse zili bwino mpaka Windows itatseguka, driver ndiyo yoyamba kufunsidwa. Uthenga umene mwaonawo uli ndi tanthauzo lake. Kuyambira pa Windows Vista, Windows imadikira khadi masekondi 2, ndipo likapanda kuyankha imazimitsa driver n'kuiyatsanso, n'chifukwa chake sikirini imada kenako n'kubwerera. Ikalephera kuiyatsanso mumaona sikirini yabuluu yolembedwa VIDEO_TDR_FAILURE, nthawi zambiri ikutchula fayilo ya nvlddmkm.sys ngati khadi ndi la Nvidia kapena atikmpag.sys ngati ndi la AMD. Uthengawu umangonena kuti khadi linachedwa kuyankha, sunena chimene chinalichedwetsa. Lowani mu Safe Mode (njira yoyatsira Windows ndi ma driver ofunika okha), chotsani driver yonse ndi pulogalamu ya Display Driver Uninstaller, ndipo muikenso yatsopano yochokera pa tsamba la Nvidia kapena la AMD lenilenilo. Ngati muli ndi flash yokhala ndi Linux yoyatsira popanda kuiika pa hard drive, iyeseninso, popeza vuto likatsatira khadi mpaka m'dongosolo lina, n'zovuta kunenanso kuti Windows ndiyo yolakwa.

Pa kompyuta ya zaka zoposa khumi, ine ndimakayikira kwambiri kutentha. Ikani pulogalamu ya GPU-Z, imene ndi yaulere, muone kutentha kwa khadi pamene simukuchita chilichonse komanso pamene mwatsegula vidiyo kapena masewera. Khadi likamafika madigiri 90 kapena kuposa, kapena ngati mizere imayamba pakapita mphindi khumi kapena makumi awiri osati mutangoyatsa, tsegulani bokosi. Zimitsani kompyuta, zulani chingwe cha magetsi, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti mphamvu yotsalira ithe, ndipo gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze china chilichonse. Ndinalandirapo kompyuta imene mwini wake anali atatsimikiza kale kuti khadi lafa. Nditalizula ndinapeza kuti pakati pa fani ndi zitsulo zoziziritsira panali fumbi logwirana ngati kachidutswa ka bulangeti, moti ndinachita kulisolola ndi kamtengo lonse lathunthu, ndipo faniyo poizunguza ndi chala inkangoyenda theka n'kuima. Nditapukuta, n'kusintha fani ndi kupaka thermal paste (phala lopaka pa chip kuti kutentha kudutse kupita ku zitsulo zoziziritsira) yatsopano m'malo mwa yakale imene inali itauma gwa ngati dothi, khadilo linagwira ntchito popanda vuto. Mukalizula lanulo, pukutaninso timano take tagolide ndi kansalu konyowetsa ndi spiriti ya isopropyl, mulibwezere mpaka kapulasitiki kotsekera kumapeto kwa slot (polowetsa khadi) kalire kuti thapu. Muli momwemo, yang'anani ma capacitor, timigolo tating'ono toimirira pa khadi ndi pa motherboard, bolodi lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo. Pamwamba pake payenera kukhala pafulati. Kamene katupa kapena kotuluka zinthu zabulauni kafa, ndipo kamodzi kokha n'kokwanira kusokoneza chithunzi.

Mayeso otsimikizira kwambiri muli nawo kale m'manja, chifukwa Core i5-3470 ili ndi gawo lakelake lopanga zithunzi, Intel HD Graphics 2500, mkati mwake. Chotsani khadi, lumikizani monita potulukira pa motherboard, ndipo gwiritsani ntchito kompyutayo masiku awiri kapena atatu monga mwa nthawi zonse. Mizere ikapitirira khadi mulibe, khadilo ndi losalakwa, ndipo muyese RAM ndi pulogalamu ya MemTest86 usiku wonse, popeza zithunzi za m'purosesa zimabwereka malo mu RAM yomweyo. Mizere ikatha, kwatsala awiri, khadi ndi power supply. Apa ndi pamene ambiri amapupuluma. Power supply yokalamba ikhoza kuyendetsa bwino kompyuta yopanda khadi, koma n'kugwa mphamvu khadi likayamba kukoka magetsi ambiri, ndipo chizindikiro chake kawirikawiri ndi kompyuta kuzima yokha kapena kuyambiranso pamene ikulemedwa ndi ntchito. Njira yosiyanitsira ndi kuyesa khadi lanu mu kompyuta ina. Likaonetsa mizere yomweyo kumeneko, makamaka timabokosi tobwerezabwereza tandandandanda, ndiye kuti memory yake kapena chip chake chawonongeka ndipo mlandu watha. Power supply yokhayo musaitsegule, chifukwa ma capacitor ake akuluakulu amasunga magetsi oopsa ngakhale itazulidwa.

Mwina wina akulangizani zowotcha khadi mu uvuni. Nzeru imeneyi inafala pambuyo pa 2008, pamene Nvidia inavomereza kuti ma chip ena, makamaka a m'ma laputopu, ankalephera chifukwa cha zolumikizira za mkati zimene sizinkapirira kutentha ndi kuzizira kobwerezabwereza. Kuwotchako kumatha kudzutsa khadi kwa masabata kapena miyezi ingapo, koma vuto limabwerera, ndipo utsi wake si woyenera kulowa pophikira chakudya.

Tinene kuti khadi lafadi. Funso loyamba n'lakuti, kodi kompyutayo mumaigwiritsa ntchito yanji? Ngati ndi kulemba, intaneti ndi kuonera mavidiyo wamba, zithunzi za m'purosesa zija zikhoza kukukwanirani, osagula chilichonse. Ngati mukufunadi khadi, musayambe ndi kufunsa kuti lili ndi magigabayiti angati. Chimene chimasankha khadi pa kompyuta yakale ndi kompyutayo.

Slot si vuto kwa inu. Makina a 2012 ali ndi slot yotchedwa PCI Express x16, ya mtundu wa 2.0 kapena 3.0, ndipo makhadi a mitundu yatsopano ya PCI Express amalowa n'kugwira ntchito mu slot yakale, kungoti amayenda pa liwiro la yakaleyo. Ena amene akuwerenga ali ndi makompyuta a chisanafike chaka cha 2004 kapena 2005 aonetsetse, chifukwa ambiri a amenewo ali ndi slot yakale ya AGP, imene sigwirizana m'pang'ono pomwe ndi PCI Express. Chimene chimagwetsa anthu ndi kukula kwa bokosi. Ngati lanu ndi lopyapyala, monga Dell OptiPlex kapena HP za m'maofesi za mtundu wa SFF, mukufunika khadi lalifupi lotchedwa low profile lokhala ndi kachitsulo kakafupi komangira kumbuyo, ndipo mufunse ngati kachitsuloko kalipo musanalipire. Yezani ndi rula kutalika kwa malo komanso ngati pali mpata wa khadi lotenga ma slot awiri, popeza m'mabokosi ena slot yaitaliyo ili pafupi kwambiri ndi power supply.

Pa nkhani ya magetsi, slot ya x16 imapereka mpaka ma watt 75, pulagi ya timabowo 6 imawonjezera 75, ndipo ya timabowo 8 imawonjezera 150. Werengani chikalata chomatidwa pa power supply, muone ma ampere a pa 12V, muwachulukitse ndi 12, ndipo nambala imeneyo ndiyo yofunika kuposa yaikulu yolembedwa pamwamba. Ma power supply ambiri a m'makompyuta a m'maofesi ali ndi ma watt osafika 300 ndipo alibe pulagi ya khadi, choncho sankhani khadi lodya kuchokera mu slot mokha. Zingwe zosinthira kuchoka pa SATA kupita ku timabowo 6 ndimazikana, chifukwa pulagi ya SATA inapangidwira ma watt pafupifupi 54 pa 12V, ndipo ikakakamizidwa imatentha mpaka kusungunuka.

Mwa makhadi osafuna pulagi, GeForce GT 1030 ya 2017 imadya ma watt 30 okha ndipo ndi yabwino pa mavidiyo ndi masewera opepuka, koma samalani, chifukwa pansi pa dzina limodzili pali makhadi awiri. La memory ya mtundu wa GDDR5 limayendetsa magigabayiti 48 pa sekondi, pamene la DDR4 limayendetsa pafupifupi 17, ndipo pa bokosi kusiyanaku kumalembedwa m'zilembo zazing'ono. GT 730 ndiye yosokoneza kuposa pamenepo, popeza inatuluka m'mitundu itatu, ndipo umodzi uli ndi chip chakale cha Fermi chimene Nvidia inasiya kuchipangira ma driver atsopano mu 2018. GT 710 imangokupatsani potulukira chithunzi basi. Pa masewera, GTX 750 Ti ya 2014 ya ma watt 60, GTX 1050 Ti ya 2016 ndi GTX 1650 ya 2019 za ma watt 75 zimayenderana bwino ndi purosesa yanu, koma onani chithunzi cha khadi lenilenilo chifukwa makampani ena anaikapo pulagi ya timabowo 6. Kumbali ya AMD, Radeon RX 550 ndi yoyenera. RX 6400 ya 2022 ndingaipewe pa makina anu, chifukwa ili ndi njira zinayi zokha za PCI Express 4.0, ndipo ikaikidwa mu slot yakale imabanika. Kugula khadi lamphamvu kuposa amenewa n'kutaya ndalama, popeza purosesa siingathe kulipatsa ntchito yokwanira.

Patsala zinthu ziwiri zimene zimaiwalika. Choyamba, ma motherboard ena a nthawi imeneyo ali ndi BIOS yakale imene imakana makhadi atsopano, moti kompyuta imangoima pa chizindikiro choyamba kapena siionetsa chilichonse. Ikani BIOS yomaliza imene wopanga anatulutsa pamene mukugwiritsabe ntchito zithunzi za m'purosesa, ndipo mufufuze ngati wina anayesapo khadi limenelo pa mtundu wa kompyuta yanu. Chachiwiri ndi monita. Kuyambira pa mndandanda wa GTX 10, ma chip a Nvidia sakutulutsanso chithunzi cha analog chimene VGA imagwiritsa ntchito, kotero DVI ya pa GT 1030 kapena GTX 1050 Ti siigwira ndi kachipangizo wamba kosinthira ku VGA. Ngati monita yanu ili ndi VGA yokha, mufunika chosinthira cha HDMI kupita ku VGA chokhala ndi chip mkati.

Ambiri mwa makhadi amenewa muwapeza ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo achinyengo alipo. Pali makhadi akale, monga GTS 450, amene anasinthidwa BIOS kuti azidzitcha GTX 1050 Ti. Windows imakhulupirira dzinalo, koma masewera akangopitirira memory yeniyeni ya khadi, zonse zimaima. Mukaona khadi lotchedwa 1050 Ti lili ndi potulukira VGA, likayikireni pomwepo. GPU-Z imazindikira ambiri mwa amenewa ndipo imalemba mawu akuti FAKE patsogolo pa dzina. Pemphani wogulitsa aliyatse inu mukuona, lithamange mphindi makumi awiri pa masewera kapena pa pulogalamu ya FurMark, mukuyang'ana kutentha, kulira kwa fani ndi kadontho kalikonse kachilendo.

Kuti ndikutchulireni khadi limodzi lenileni, tumizani muno zithunzi zitatu: chikalata cha pa power supply chowerengeka bwino, mkati mwa bokosi kuonetsa slot ndi malo oizungulira, komanso kumbuyo kwa monita kumene kumalowa zingwe. Mutiuzenso mtundu wa Windows imene muli nayo, dzina la khadi limene lilimo panopa, ndi zimene zachitika mutalichotsa n'kulumikiza monita ku motherboard.