Tifunseni za Gemu ya Patebulo: Aganyu ndiwachotse kapena?

FUNSO: Zikomo akulu. Ine ndine DM (Dungeon Master, woyendetsa nkhani ya gemu) wa kagulu ka anzanga anayi, timasewera Dungeons & Dragons, gemu yomwe aliyense amasewera ngati munthu wa m'nkhani ndipo madayisi ndiwo amagamula, kamodzi pa sabata. Vuto langa ndi aganyu a mu gemu, anthu a m'nkhani amene osewera amawalemba ntchito kuti aziwathandiza. Osewera anga analemba anthu atatu, wina wonyamula muuni, wina wosenza katundu, wina wa mkondo, koma amangowaiwala gemu yonse mpaka tikafika pa chitseko chokayikitsa ndiye mumve "waganyu atsogole tione ngati pali msampha". Komanso ndeu ikayamba ndimapezeka ndikuponya madayisi a adani ndi a aganyu ndekhandekha, anzanga ali duu pa foni. Ndingowachotsa basi? Ndine DM wothedwa nzeru.

YANKHO: Musawachotse ayi akulu, chonde. Aganyu si chinthu chongowonjezera, ali mu gemuyi kuyambira pomwe Gary Gygax ndi Dave Arneson anaitulutsa mu 1974, ndipo ntchito yaikulu ya Charisma (nambala yosonyeza mmene munthu amakopera anthu) nthawi imeneyo inali yomweyi, kunena kuti ungalembe otsatira angati komanso akhala okhulupirika bwanji. Vuto lomwe ndikuliona patebulo panupo ndi loti aganyu anu sanakhalebe anthu, akadali ngati chingwe kapena fosholo yolembedwa pa pepala, ndiye munthu fosholo saimvera chisoni.

Tiyambe ndi za madayisi chifukwa ndi zosavuta. Apatseni osewera. Aliyense amene analemba waganyu atenge kakhadi kake, pakhale ma hit points (moyo wake), AC (nambala ya chitetezo chake), chida chimodzi basi, ndipo waganyuyo azichita zake pa nthawi yomweyo ya bwana wake osamuponyera initiative yakeyake (dayisi yoona amene ayambe pa ndeu). Inu mutsale ndi zinthu ziwiri zokha, mawu ake ndi ufulu wake wokana. Wosewera akati alase goblin uyo, alase. Koma akati alumphire m'dzenje lamdima limene iye mwini akuliopa, apo mumalowererapo inu.

Ndipo pokanapo musamangogamula za m'mutu chifukwa osewera aziona ngati mukuwapondereza, lolani dayisi iyankhule. Mu Basic Set ya 1981 imene anakonza Tom Moldvay muli lamulo la morale (kulimba mtima) lomwe ine ndimaligwiritsabe ntchito ngakhale tikusewera edition ina. Bwana wa Charisma yapakati, 9 mpaka 12, atha kukhala ndi otsatira 4 ndipo morale yawo ndi 7, pomwe wa Charisma 18 amafika 7 ndipo morale ndi 10. Zikavuta mumaponya madayisi awiri a mbali 6, nambala ikaposa morale ndiye kuti munthu uja wakana kapena waliyatsa liwiro. Taonani, pa morale 7 njira 15 mwa 36 zimaposa, pa morale 10 ndi 3 zokha mwa 36, ndiye wosewera uja ankati Charisma ndi yopanda ntchito amayamba kuganiza kawiri. Musamaponye chiponyeponye, dikirani pamene mnzake wafa iye akuona, kapena atumidwa chinthu choti sanagwirizane polembana. Malamulo omwewo amati muponyenso ulendo ukatha, ikakanika munthuyo sabweranso.

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo, pa nkhani yolembana. Ambiri timadumpha, wosewera amangoti "ndalemba atatu" nkuchotsa ndalama pa pepala, zatha. Ayi, iseweredwe ngakhale mphindi zisanu zokha. Mu 5e (edition yachisanu) ya 2014 waganyu wamba ndi 2 sp (ndalama zasiliva ziwiri) pa tsiku, waluso ndi 2 gp (zagolide ziwiri), koma imeneyo ndi ndalama ya ntchito wamba, munthu wanzeru zake sangalole kukafera kuphanga chifukwa cha 2 sp. Ndiye azifunsa, tikupita kuti, tibwerako liti, ndikavulala andisenza ndani, ndikafa ndalama yanga mukapereka kwa ndani. Funso lomalizali ndi lamphamvu kwambiri, ndinaonapo tebulo lonse litangoti zii wosenza katundu atatchula kuti ndalama yake ikapite kwa mlongo wake. Kuyambira pamenepo palibe anamutumanso kukaponda msampha, ndipo tsiku lomwe anavulala cleric (wansembe wa gululo) anamuthera spell yake yomaliza yochiritsa osaumirizidwa ndi munthu.

Simukufunika kulemba mbiri ya masamba awiri. Dzina, chinthu chimodzi chomwe akufuna, chimodzi chomwe amaopa, ndi kakhalidwe kamodzi koti kazioneka, kaya amaimba mluzu akachita mantha, kaya amawerenga ndalama zake usiku uliwonse. Ndiye kamodzi kapena kawiri pa gemu muzimupatsa mawu, makamaka popuma. Wa muuni ndiye wosavuta kwambiri chifukwa muuni umayaka ola limodzi lokha, ndiye iyeyo ndi amene azinena kuti "bwana, yatsala iwiri", mwakumbutsa osewera za nthawi popanda inu kutuluka mu nkhani.

Nanga akapitiriza kuwatuma ku misampha? Asiyeni atero, koma mbiri iyende. Akabwerera ku tauni ya mu gemuyo ali okha aganyu onse atatsala kuphanga, ulendo wotsatira palibe akubwera kudzafuna ntchito, kapena akubwera koma akufuna malipiro owirikiza ndiponso theka lilipiridwiretu, kapena akubwera okhawo amene maso awo ali pa thumba la bwana. Ndipo amene amasamala aganyu ake naye zimuyendere, waganyu wakale amubweretsere msuweni wake wodziwa njira za m'nkhalango.

FUNSO LINA: Ine osewera anga ndi awiri okha, ndiye ndinawapatsa wankhondo wa level 6 kuti aziwathandiza pomwe iwo ali level 2. Pano akuti gemu sikukomanso. Ndalakwa pati?

YANKHO: Sikukoma chifukwa akuonerera inu mukupambana ndeu zawo. Cholinga chanu chinali chabwino koma wothandiza asamapose eni nkhani, malamulo akale aja amakaniziratu kuti wotsatira akhale wa level yoposa bwana wake. Mupezereni chifukwa chabwino chochokera, kaya waitanidwa kwawo, ndipo m'malo mwake mubwere wofooka amene akutseka dzenje lomwe gulu lili nalo, ngati alibe wochiritsa akhale wochiritsa. Ngati muli pa 5e onani malamulo a sidekick (wothandiza) a mu buku la Tasha's Cauldron of Everything la 2020, muli mitundu itatu, Expert, Spellcaster ndi Warrior, ndipo amakwera level limodzi ndi gulu. Kakhadi kake kakhale m'manja mwa osewera, ndipo pakakhala mwambi kapena chitseko chovuta iye asamayambe kupereka yankho, azidikira afunsidwe ndiye nthawi zina azilakwitsa ndithu chifukwa akungonena zomwe iye akudziwa, osati zomwe zili mu manotsi anu.