Yankho kwa msuweni pa za malipiro zija

Eee msuweni, ndaliona funso lako lija pagulupa. Wati ma change manager, anthu oyendetsa kusintha kwa kagwiridwe ka ntchito pakampani aja, amalandira zingati, komanso ngati zimasiyana malo ndi malo. Ndili kukhitchini, ukamva phokoso ndi mapoto.

Koma iwe ndimakudziwa. Kuyambira tili ana kwa agogo, ukafuna nyama sunkapempha nyama, unkangozungulira pamoto nkumafunsa kuti kodi nkhukuyi yapsa. Funso lakoli si la malipiro ayi. Iwe ukufuna kusiya ntchito kubanki kuja. Ndanama?

Chabwino, manambala ndikupatsa, ungadzati ndakubisira. Kuno ku UK ntchito zambiri zomwe ndimaona zikutsatsidwa zimayambira cha pa £45,000 kufika cha pa £65,000 pachaka. London imaposa. Ngakhale ku NHS, zipatala za boma za kuno, yemwe ali mkatikati mwa London amamuwonjezera 20 peresenti, ngakhale ili ndi malire ake, wa m'mphepete mwa mzindawo 15, ife a ku Leeds kuno palibe chowonjezera. Koma dikira, usayambe kuchulukitsa ndi kwacha, ndikukuona watenga kale foni. Wa £50,000 uja, akamudula msonkho ndi National Insurance, msonkho winanso wa ogwira ntchito, amatsala ndi pafupifupi £3,300 pamwezi, penshoni asanadule. Ku London kanyumba ka chipinda chimodzi ndi £1,500 pamwezi kupita m'mwamba. Ndiye zowonjezera zija amadya ndi mwini nyumba.

Zikundikumbutsa amalume aakulu. Ayi, osati a ku Mitundu, aakulu enieni, a njinga aja. Paja iwo anapita ku Joni pa Wenela, bungwe lolemba anthu a ku migodi lija, m'ma 1972 kapena... eya, 1972, chifukwa amayi amati anapita mwana wa azakhali ali kumsana. Chinawatenga ndi nambala. Mnzawo wina anabwera atavala jekete, nkuwauza zomwe amalandira ku mgodi, iwo usiku womwewo tulo osabwera. Anasiya munda uli ndi mizere kale. Atafika anapeza kuti ndalama ina sakupatsa m'manja, amaisunga kuti ukailandire kumudzi ukabwerera. Yotsalayo, fodya, sopo, kutumiza pang'ono, yatha. Kenako 1974 ndege ya Wenela ija inagwa ku Francistown ku Botswana, anthu athu ambiri anafera pomwepo, Kamuzu nkuletsa zolemba anthu a ku migodi. Iwo kontrakiti itatha anabwera, osabwereranso.

Ukukumbukira zomwe anabwera nazo? Wailesi, njinga ya Humber, bulangete lofiira lija lomwe agogo ankatiletsa kuligwira, ndi makina osokera a Singer. Wailesi inagulitsidwa chaka cha njala. Njinga, iii, nkhani ya njinga tisaiyambe pagulu pano, ena akumva. Koma makina aja! Anaphunzira kusoka kwa bambo wina wa ku Mozambique yemwe ankagona naye chipinda chimodzi ku komponi, Lamlungu anzawo akupita kumowa iwo ali pa makina kuzigamba maovolosi. Ndiye pakhonde la sitolo ya Mmwenye paja anakhalapo zaka zingati? Yunifolomu yako ya Sitandade 1 anasoka ndi iwo, kabudula wofika m'mawondo uja, akuti ukulira momwemo. Ine ndikamva kulira kwa makina opalasa ndi phazi mpaka lero ndimawaona, tepi ili m'khosi, choko kukhutu. Fizi ya amayi ako ndi amayi anga inachokera pamenepo, osati ku mgodi.

Aaa, ndasochera. Ndimati chiyani? Eya.

Ntchito imeneyi samalipira pepala, msuweni. Ndamva kuti ukufunsafunsa za satifiketi ya Prosci, kampani yophunzitsa ma change manager ija. Ndi yabwino, sindikuinyoza, ADKAR ija, njira yawo ya masitepe asanu yothandizira munthu kusintha, imathandiza kuganiza bwino. Koma ndi maphunziro a masiku atatu, mtengo wake madola masauzande angapo, ndipo iwe ukudziwa momwe dola ikuvutira kumudziko chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ukalowa mu intaviyu sakufunsa pepalalo. Amati tiuzeni nthawi yomwe anthu anakana kusintha, inu munatani. Amafuna umve fungo la ofesi yomwe anthu akuopa kuchotsedwa ntchito, mayi amene wagwira zaka 20 pa kauntala akukuuza kuti kompyuta yatsopanoyi ine sindiigwira, iwe nkukhala naye pansi mpaka aigwire. Komanso visa ya Skilled Worker, yobwerera kudzagwira ntchito kuno ku UK, pano imafuna malipiro osachepera £41,700, kuwonjezera £1,035 ya zachipatala pachaka munthu mmodzi. Kampani siingakuvutikire zonsezo ngati sunayendetsepo kusintha kulikonse.

Tsono pa maliro paja unandinong'oneza kuti kubanki kwanu akusintha sisitimu yonse ya makompyuta chaka chino, ndipo aliyense akuthawa komiti yake. Usasiye ntchito. Lowa mu komiti imeneyo. Pita kwa abwana mawa, uwauze kuti ine ndiphunzitsa anthu a m'nthambi, ngakhale ndi ku Karonga kapena ku Nsanje ndipita. Uzilemba zonse, anthu angati, anakana chiyani, unawatembenuza bwanji.

Ukamaliza zimenezo, ngakhale kumudzi konko mapulojekiti a madona amafuna anthu otero, ndipo mabanki a ku Sandton ku Joni nawonso. Pamenepo ndiye tidzakambe za London ndi Leeds, ndidzakuthandiza ndekha kulemba CV. Koma panopa khala pomwepo, ugwire sisitimu imeneyo ndi manja awiri.

Ndipo mlamu wamuuza? Usandiyankhe pagulu, ndiimbire Loweruka. Wamva eti, kalata yosiyira ntchito ija usapereke, komiti ija ulowe. Dikira, mpunga ukupserera.