Yankho kwa amalume: woyendetsa takisi tsiku lonse, majowajowa amuthandiza chiyani?

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumvera kawiri, ndiye ndiyankhe pagulu pompano, poti alipo enanso muno amene nkhaniyi ikuwakhudza koma angoti zii. Mwati kuchipatala akupezani ndi BP ya 152 pa 96, shuga wa m'mawa musanadye ali pa 115, akupatsani mapiritsi n'kukuuzani kuti muzichita masewera olimbitsa thupi. Funso lanu n'lakuti munthu wa zaka 54, woweruka ali wotheratu ndi takisi, majowajowa amuthandiza chiyani, si kungowonjezera kutopa kodi?

Ndiyambe ndi kutopako. Sindikutsutsa ayi, mumatopadi. Koma zotopa pachiwongolero ndi maso, mutu ndi msana. Miyendo ndi mtima zimakhala zili patchuthi kuyambira 5 koloko m'mawa mpaka usiku. Ndipo nkhani yonse ya masewera ndi matenda a mtimayi inatchuka ndi madalaivala anzanu. Mu 1953 ku London, dokotala wina dzina lake Jeremy Morris anayerekeza madalaivala ndi makondakitala a mabasi osanja aja. Basi yomweyo, msewu womwewo, koma dalaivala ali khale pampando, kondakitala akukwera ndi kutsika masitepe tsiku lonse. Matenda a mtima anapezeka ochepa mwa makondakitala. Ndiye mnyamata wodumphadumpha padepoti uja musamamuseke, amalume.

Tsono chimachitika n'chiyani m'thupimo? Ndilankhule za galimoto poti ndi zomwe mumazidziwa. Mtima ndi pampu, mitsempha ndi mapaipi. Paipi ikauma n'kukhala gwa, pampu imakankha mwamphamvu kuti magazi adutse, ndiye BP imeneyo. Mukamayenda ndawala magazi amathamanga, mitsempha imatanuka, ndipo mukamaliza BP imatsika n'kukhala yotsikirako kwa maola angapo. Mukamabwereza tsiku ndi tsiku, mitsempha ija imazolowera kufewa. Kwa munthu wa BP yokwera, nambala yapamwamba ija imatsika ndi 5 mpaka 8 pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Muti yachepa? Kutsika ndi 5 kokha kumachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a chiopsezo cha sitiroko ndi matenda a mtima. Koma mvetsetsani apa: izi n'zowonjezera pa mapiritsi aja, si zolowa m'malo mwake. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa, akaona 135 amataya mankhwala, mwezi wotsatira ali m'wodi mkono ndi mwendo zitafa. Wochepetsa mankhwala ndi amene anakulemberani, ataona manambala m'buku lanu lakuchipatala.

Za shuga ndiye zikukomerani kwambiri, chifukwa 115 ndi pamalire. Matenda a shuga timawatchula ikafika 126 kupita m'mwamba musanadye. Nsima ija, kaya ya ufa woyera kaya kondowole, kaya mpunga wa Kilombero, ikalowa m'mimba imasanduka shuga m'magazi. Wodya shuga ameneyu kwambiri ndi minofu, makamaka ya m'ntchafu ndi m'matako. Kuti shuga alowe m'minofu pamafunika insulini, mankhwala amene thupi limapanga lokha, koma mafuta akachuluka pamimba thupi limayamba kusamumvera insuliniyo, shuga n'kumangozungulira m'magazi. Ubwino wake, minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga yokha osadikira insulini, ndipo ikatero imakhala yomvera kwa tsiku limodzi kapena awiri. N'chifukwa chake timati musadumphitse masiku opitirira awiri otsatizana. Mpira wa madala wa Lamlungu lokha uja sukwanira, komanso ndi umene umathyola anthu akakolo, munthu wakhala pansi masiku 6 kenako akufuna kuthamanga ngati ali ndi zaka 20. Ku America kunachitika kafukufuku wamkulu, zotsatira zake zinatuluka mu 2002, pa anthu a shuga wa pamalire ngati inuyo. Amene ankayenda mphindi 150 pa sabata n'kuchepetsako thupi, chiopsezo chawo chodwala shuga chinatsika ndi 58 peresenti. Amene anangopatsidwa piritsi la shuga la metformin chinatsika ndi 31 peresenti. Miyendo inaposa piritsi.



Mlingo wake tsopano. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azikwanitsa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Mphindi 150 ndi mphindi 30 kwa masiku 5, basi. Jimu siyofunika, ndalama yolowera musawononge. Chofunika ndi liwiro, chifukwa kuyenda kopita kumaliro kuja sikuwerengedwa. Muyeso wake ndi uwu: muziyenda moti mukhoza kulankhula ndi mnzanu koma simungathe kuimba nyimbo. Ngati mukuimba ya kwaya bwinobwino, onjezerani liwiro. Ngati mukulephera kumaliza chiganizo, muli wefuwefu, chepetsani. Mukafuna kuwerenga, ndi masitepe pafupifupi 100 pa mphindi imodzi.

Musayambe ndi 30 yonseyo. Sabata yoyamba ndi yachiwiri mphindi 10 kapena 15, pamalo osakwera. Yachitatu ndi yachinayi mphindi 20. Yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi ndiye mufike 30. Mzuzu ndi wa zitunda, ndiye poyamba sankhani bwalo la mpira la pasukulu yapafupi. Bwalo lathunthu kulizungulira kamodzi ndi mamita pafupifupi 350, maulendo 8 mwayandikira makilomita atatu. Zitunda za ku Masasa kapena za ku Zolozolo muzisunge, zidzakhala mayeso anu a mwezi wachiwiri. Mphindi 5 zoyambirira muziyenda pang'onopang'ono kuti thupi litenthe, monga mmene mumayembekezera injini m'mawa wa June. Zomalizira 5 chimodzimodzi. Mukaima mwadzidzidzi magazi amadikha m'miyendo, mutu umachita chizungulire, makamaka poti mukumwa mankhwala a BP, ndipo anthu amagwa nazo zimenezi.

Mukuti nthawi mulibe, ndikudziwa. Koma mphindi 30 zija zimagawika, 10 katatu zimagwirabe ntchito. Pa siteji podikira makasitomala, m'malo mogona pampando mutatsitsa, tulukani muyende kufika pa raundabauti n'kubwerera. Ola lililonse lisathe musanaimirire. Ndipo 10 yamtengo wapatali kuposa zonse ndi ya mukangomaliza kudya, masana kapena madzulo, chifukwa ndi nthawi imene shuga akukwera m'magazi. Nsima kenako bedi, chimenecho ndiye chisiyeni.

Zolimbitsa minofu anthu amazinyozera, koma munthu akadutsa zaka 30 minofu imayamba kuchepa pang'onopang'ono, ndipo ikachepa wodya shuga uja wachepanso. Lachiwiri ndi Lachisanu chitani izi pakhomo. Tengani mpando wapatebulo wolimba, muutsamiritse kukhoma, khalani n'kudzuka osagwira ndi manja, ka 10, pumani mphindi imodzi, bwerezani. Imani moyang'ana khoma, manja pakhomapo, mudzikankhe ngati mapushapu, ka 10 kawiri. Gwirani mpando muimirire ndi zala za kumapazi n'kutsika, ka 15. Chigubu cha malita 5 chodzaza madzi chimalemera makilogalamu 5, ndiye weramani pang'ono msana uli chiwongokere, dzanja lina pampando, muchikokere m'chiuno ka 10 mbali iliyonse. Lamulo ndi limodzi: osagwira mpweya. Tulutsani mpweya pamene mukukankha kapena kunyamula. Kuumiriza mpweya m'chifuwa kumakweza BP mwadzidzidzi, n'chifukwa chake zitsulo zasimenti za anyamata a m'makwalala zija si zanu, ngakhale kukankha galimoto yofa batire mukuchita kuuma nkhope kuja muzikupewa.

Tsopano chimene chimagwetsa anthu ulesi, ndipo apa ndiye pagona nkhani. Munthu amayenda mwezi wathunthu, akwera pasikelo ya pamsika, nambala ili pomwe inali, basi amati n'zabodza izi. Sikelo ndi mboni yaulesi, amalume, imachedwa kulankhula. Kuyenda mphindi 30 kumawotcha mphamvu yofanana ndi botolo limodzi lokha la zoziziritsa kukhosi zotsekemera zija, kapena mandasi amodzi aakulu. Ndiye ngati mukuyenda n'kudzipatsa mphoto ya chipisi cha pachiwaya ndi Fanta, sikelo sisuntha. Koma ngakhale isasunthe, BP ndi shuga zimakhala zikutsika ndithu. Muziyang'ana zinthu zinayi izi. BP, yezetsani kamodzi pa sabata, nthawi yofanana, mutakhala pansi mphindi 5, musanamwe khofi, mulembe m'kope. Kugunda kwa mtima mukangodzuka, gwirani pamkono muwerenge kwa mphindi imodzi, mudzaona kukutsika m'masabata ochepa chifukwa pampu ikukankha magazi ambiri pa kugunda kumodzi. Chitunda chimodzi chimene pano chimakupumitsani pakati, muzichiyesa kamodzi pamwezi. Ndiye chingwe: dulani chingwe chofanana ndi msinkhu wanu, chipindeni pawiri, chizungulitseni pamchombo. Chikakumana zili bwino, chikalephera ndiye kuti mafuta a m'mimba achuluka. Paja kwathu kuno mimba timaitcha chizindikiro cha ndalama, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mafuta amenewo ndi amene amazinga chiwindi n'kusokoneza insulini, ndipo mwamwayi ndi amene amayamba kusungunuka munthu akamayenda, thalauza limayamba kukhwepa sikelo isanavomere.

Zina mudzaziona msanga kuposa manambala. Tulo timabwera bwino, kupsa mtima pamsewu kumachepa, msana wa m'munsi umene umakuvutani uja umapepuka chifukwa minofu yougwira yadzuka. Palinso phindu lina lokhudza kuyenda kwa magazi limene mphwanu sangalitchule pagulu pali ana, koma mayi akunyumba adzayamikira.

Zosokonekera nazo ndizinene. Masiku awiri kapena atatu oyamba thupi limaphwanya, ntchafu kuwawa potsika masitepe. Zimenezo n'zabwinobwino, zimatha zokha, ndipo mankhwala ake ndi kuyendanso pang'ono. Musathamangire bufeni, diclofenac kapena indosidi kugolosale, amenewo amakweza BP ndipo amapweteka impso. Ngati zavuta, panado. Kuwawa kobaya m'bondo kapena bondo kutupa ndi nkhani ina, pamenepo chepetsani mtunda, pewani kutsetsereka, kapena sinthani mukwere njinga yakapalasa imene siponda mawondo. Nsapato ikhale yotseka, yosathina, ndi sokosi, osati masilipasi, makamaka nyengo ya mvula pamene dothi lofiira lija limaterera ngati sopo. Madzi muzimwa, ngakhale kukuzizira ludzu osalimva. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri ndiye kuti madzi achepa, ndipo ngati mapiritsi anu ndi okodzetsa aja, hydrochlorothiazide, muyenera kusamala kwambiri. Zakumwa zochotsa tulo zimene madalaivala mumakonda zija, nazo zimakweza BP ndi kugunditsa mtima.

M'mawa wa chifunga muvale chowala, ndipo mumsewu wa M1 kapena wopita ku Nkhata Bay muziyenda kudzanja lamanja, moyang'anizana ndi galimoto zobwera. Izi sindikuphunzitsani, inu ndi amene mumaliza hutala.

Pali masiku osayenda. BP ikafika 180 pa 110, tsiku limenelo ndi la kuchipatala osati la kubwalo. Mukamva malungo kapena thupi kutentha, pumani mpaka muchire. Ndipo mukuyenda mukamva chifuwa kuthina ngati pakhala mwala, ululu ukupita kumkono, kukhosi kapena kunsagwada, kubanika kosagwirizana ndi liwiro lanu, mtima kugunda modumphadumpha, kapena maso kuchita mdima, imani pomwepo, wina akutengereni kuchipatala cha Central kapena ku St John's, osayendetsa nokha. Kukamwa kupotoka, mkono kufooka, lilime kulemera, imeneyo ndi sitiroko, osadikira kuti kuche ndipo osayamba ndi kutikita.

Azakhali, ndikudziwa mukumvera, inu amene muli kale pa mankhwala a shuga. Zonsezi n'zanunso, kungoti ngati mukumwa glibenclamide kapena mukubaya insulini, shuga akhoza kutsikitsa mukuyenda. Musatuluke m'mimba muli pululu, ndipo m'thumba muzikhala masiwiti. Mukamva kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi, imwani madzi osungunulamo masupuni ang'onoang'ono atatu kapena anayi a shuga, mudikire mphindi 15. Pobwera muziyang'ana mapazi, pakati pa zala pomwe, chifukwa phazi ladzanzi silimva thuza, ndipo thuza la munthu wa shuga likanyalanyazidwa limasanduka chilonda chovuta. Agogo nawo, poti adutsa 65, awonjezere kuimirira ndi mwendo umodzi atagwira khoma, masekondi 10 mpaka 20 mbali iliyonse, masiku atatu pa sabata, n'zoteteza kugwa.

Amalume, mawa m'mawa musanadzuke pabedi muwerenge kugunda kwa mtima, mudule chingwe chija, mulembe tsiku ndi 152 pa 96 pamwamba pa tsamba. Mukatero mutumize chithunzi cha mapaketi a mankhwala anu kuno, ndione ngati mulipo atenolol, chifukwa ameneyo amachedwetsa kugunda kwa mtima ndipo nambala ya pamkono ija ingakunamizeni.