Musanabwereke dambolo, funsani za ng'ombe

Achimwene, zobwereka dambo lolima mpunga ku Nkhotakota mwafunsazi ine zinandiwotcha, mpaka pano ndikaganiza mtima umandisupuka. Ndinabwereka maekala awiri chakufupi ndi Dwangwa, ndinafesa nazale ya Kilombero, mu Januwale 2024 n'kuwokera. Aganyu ndinkawalipira ndi ndalama yokongola kubanki mkhonde. Kumapeto kwa Febuluwale madzi aja anabwera, mukukumbukira, mtsinje wa Dwangwa unasefukira, msewu wa M5 n'kuduka, anthu kumagona m'masukulu. Ekala imodzi inakwiririka ndi mchenga. Pamenepo sindinadandaule kwambiri, anzathu anataya nyumba ndi abale.

Ekala yotsalayo ndinailera ngati mwana wakhanda. Kilombero amachedwa kucha, ndiye masabata onse aja ine ndi mphwanga timalawirira kukapirikitsa mbalame, mawu mpaka kusasa. Mu Meyi ngala zinawerama, fungo lake mukulidziwa. Tinapangana zomweta Loweruka. Lachinayi m'mamawa ndikufika, ng'ombe zili m'kati mwenimweni mwa munda! Ndinawerenga khumi ndi zinayi. Zina zikubudula ngala, zina zagona pamwamba pa mpunga, ndowe ponseponse, ziboda zaponderezera mbewu m'matope. Kamnyamata kobusa kali gone pansi pa mtengo wa mango. Ndinagwada n'kuyamba kutola ngala m'matopemo ndi manja, ndikunjenjemera, osadziwa n'komwe kuti ndikutolera chiyani.

Mwini ng'ombe ndi munthu wa ndalama zake m'mudzimo. Kubwalo kwa amfumu anabwera mochedwa, sanapepese n'komwe, akuti mlendo ndi amene amayenera kumanga mpanda. Mpanda wa ekala yonse m'dambo? Ndani anauonapo? Analamulidwa kundipatsa matumba awiri, mpaka lero ndikungomva kuti mawa. Ndipo amene anandibwereka munda, atadya kale ndalama yanga, anangoweramitsa mutu osayankhula kanthu, poti ndi apachibale. Zimenezo ndi zimene zimandipweteka kuposa madzi aja. Mpunga wotsalawo ndinapuntha, ndinapeza matumba asanu ndi limodzi, mavenda n'kuwatenga pa mtengo wolira chifukwa amayi a kubanki mkhonde anali atayamba kale kugogoda pakhomo.

Ndiye ine ndikuti osalima kwa eni muli kutali, mudzalira. Komanso ndisakunamizeni, mpunga wa kunyanja uli ndi ndalama, makamaka mukasunga mpaka Novembala n'kukaupunthitsa kuchigayo nokha m'malo mogulitsa wamakoko. Pitani mukaone malowo mvula ili m'kati, mufunse pamene madzi anafika mu 2024, muyang'ane makola ali pafupi. Pangano lilembedwe pamaso pa amfumu, ndi za ziweto zomwe. Ngati mungapeze malo kusikimu ya Bua ndi bwinoko, kuli komiti yodandaulirako. Ine ndabwerekanso ekala imodzi dera lomwelo, koma mpunga ukayamba kucha ndizikagona kumunda konko.